Chimene Chimayeretsa Chilembo: Thabwa, Inki ndi Makina Osindikizira ku Zomba

Masewera a pakompyuta amene wosewera amasanduka msilikali, mfiti kapena wansembe m'dziko longopeka ali ndi chizolowezi chimodzi chosasintha. Dziko lililonse lopekalo limapatsidwa chipembedzo chake, ndipo chipembedzocho chimapatsidwa zilembo zakezake, zina zogoba pamwala, zina zolemba pachikopa, zina zobisa m'kachisi. Mu Skyrim, sewero lomwe linatuluka mu 2011, wosewera akayandikira khoma lolembedwa m'chinenero cha zinjoka zouluka, zilembo zimawala ndipo iye amaphunzira liwu lamphamvu pompo. Mu Dungeons & Dragons, sewero la patebulo lomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, mpukutu wamatsenga ukawerengedwa kamodzi zilembo zake zimazimirira, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Ambiri mwa opanga masewerawa anatengera kwa J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa zinenero ku Oxford, yemwe ankajambula yekha ndi dzanja zilembo za mitundu ya anthu a m'nthano zake.

Anthuwa sanazitole m'mutu. Anatapa pa chikhulupiriro chakale kwambiri, choti chinthu cholembedwa chingathe kukhala choyera, chingateteze, chingachize, mwinanso kupweteka. Funso limene masewerawa amalilumpha ndi loti kuyerako kumakhala pati kwenikweni. Kodi n'kumaonekedwe a chilembocho, kutanthauzo la mawuwo, kapena kudzanja la wolembayo? Munthu wa ku Zomba safunika kompyuta kuti alisinkhesinkhe funsoli. Mayankho amene anthu alipatsa ali moyandikana m'tauni yomweyi: kumzikiti, kutchalitchi, kwa Government Printer, ndi pamwamba pa phiri la Zomba. Ndipo mayankhowo sagwirizana.

Tiyambe ndi thabwa, chifukwa ndi pamene nkhani yakula. Mabuku asanachuluke, mwana wa Chisilamu m'madera ambiri a Africa, kuchokera ku Senegal mpaka ku Zanzibar ndi kuno kunyanja, ankayamba maphunziro ake pakhonde pa mwalimu atafungatira kathabwa kosalala. Mwalimu ankasongola bango, n'kuliviika mu inki ya mwaye wosakaniza ndi madzi ndi utomoni, n'kuyamba kulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mwana ankalondola ndi chala kwinaku akutchula mokweza, kubwereza mpaka mzerewo utakhazikika pamtima. Akaulakatula bwino, thabwa linkatsukidwa kuti palembedwe wotsatira. Koma madzi otsukirawo sankangokhuthulidwa pabwalo pamene nkhuku zimapalasa. Ankawathira pamalo oyera, ndipo m'madera ena ankawamwa. Mwana wazaka zisanu ndi chimodzi ankaphunzira pomwepo, asanamve tanthauzo la liwu limodzi la Chiarabu, kuti inki imene yakhudza mawu a Mulungu siilinso inki wamba.

Pali chifukwa cha chiphunzitso chimene chimachititsa zimenezi. Kwa Msilamu, Qur'an ndi mawu a Mulungu monga anatsikira m'Chiarabu. Ikamasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chiyao, chimene chatulukacho amachitcha tanthauzo la Qur'an, osati Qur'an yeniyeniyo, ndipo munthu saswali nacho. Choncho kamvekedwe ka liwu ndi kaonekedwe ka chilembo zimasungidwa mosamala kwambiri. Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zambiri zimasintha thupi malinga ndi malo ake, kaya zili koyambirira kwa liwu, pakati kapena kothera. Zina zimasiyana ndi kadontho kokha: thupi limodzi lomwelo likakhala ndi kadontho kamodzi pansi ndi chilembo china, likakhala ndi timadontho tiwiri pamwamba ndi chinanso. Wolemba akaphonya kadontho wasintha mawu a Mulungu. N'chifukwa chake buku la Qur'an siligwiridwa munthu asanadziyeretse ndi madzi, siliikidwa pansi, ndipo powerenga amalikhazika pa kampando kathabwa kopinda.

Onjezani kuti m'mzikiti simuloledwa zithunzi za anthu kapena nyama. Luso lonse limene Akhristu a ku Ulaya analithira pa ziboliboli ndi zojambula, Asilamu analithira pa chilembo. Ku Baghdad, nduna ina yotchedwa Ibn Muqla, yomwe inamwalira mu 940, inaika malamulo a kayezedwe: kadontho kamene nsonga ya bango imasiya papepala ndiye muyeso, kutalika kwa chilembo cha alifu kumayezedwa ndi timadontho timeneto, ndipo zilembo zina zonse zimayezedwa potengera alifu. Mitundu ya kalembedwe monga naskh, yowerengeka mosavuta, ndi thuluth, yotambalala imene timaiona pamakoma ndi pamakalendala, imatsata miyeso yotereyi. Ndipo pali chinthu chimene ambiri sachizindikira akamaona Qur'an zobiriwira kapena zabuluu zochokera ku Madina m'mizikiti yathu. Ngakhale zinatuluka m'makina, zilembo zake si za makina. Analemba ndi dzanja katswiri wobadwira ku Syria, Uthman Taha, masamba 604, tsamba lililonse mizere 15, atakonza kuti tsamba lizithera pothera ndime. Makinawo amangojambula dzanja la munthu mmodziyo maulendo mamiliyoni. Mwana wa ku Songani ndi mwana wa ku Jakarta amaloweza poyang'ana dzanja lomwelo.

Zilembo zimenezi zinafika kuno amishoni asanamange sukulu ngakhale imodzi. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Amalonda a Chiyao anali atazolowera kale njira ya ku Kilwa, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjira inalowa Chisilamu, mafumu ena n'kutsatira. Mafumu akuluakulu ankasunga alembi pabwalo pawo, olemba makalata m'Chiswahili koma ndi zilembo za Chiarabu. Tisabise: bango lomwe linkalemba dzina la Mulungu pamwamba pa kalata ndi lomwenso linkalemba za minyanga, za onga ndi za akapolo m'munsi mwake. Harry Johnston atakhazikitsa boma ku Zomba mu 1891, anapeza mafumu odziwa kale kuti kalata ndi chida cha ulamuliro, ndipo nkhondo zake ndi iwo, kuphatikizapo kugonjetsedwa kwa Kawinga ku Chikala mu 1895, sizinazimitse luso limeneli. M'malo mwake Chisilamu chinafala kwambiri nkhondozo zitatha, kudzera mwa mashehe oyendayenda monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi wophunzira wake Thabit bin Muhammad Ngaunje, omwe anaphunzitsa aphunzitsi a midzi yambiri.

Tsopano tifike pamene anthu amatsitsa mawu akamakamba. Chilembo chikakhala choyera, n'chapafupi kuti munthu wodwala kapena wamantha achifune pathupi pake. Ku gombe la Aswahili, kumene mashehe athu oyambirira ankakaphunzira, kuli mchitidwe wotchedwa kombe. Mwalimu amatenga mbale yoyera, n'kulembamo ndime za Qur'an ndi inki yofiirira yosungunuka, kenako n'kutsuka ndi madzi pang'ono mpaka zilembo zonse zitasungunuka. Madziwo amawathira m'botolo, wodwala n'kumamwa kapena kudzola. Palinso chithumwa cholembedwa, chimene Aswahili amati hirizi. Papepala pamalembedwa ndime yachitetezo, mayina a Mulungu, ndipo nthawi zina kabokosi ka zipinda zisanu ndi zinayi kokhala ndi manambala amene ukawonkhetsa chopingasa, chotsika kapena chodutsa pakati umapeza 15 nthawi zonse. Pepalalo amalipinda kangapo mpaka litachepa kwambiri, amalikulunga ndi ulusi, n'kulisokera m'kansalu kapena m'kachikopa kuti mwana avale m'khosi kapena m'chiuno. Likasokedwa silitsegulidwanso. Mwini wake nthawi zambiri sangathe kuliwerenga, ndipo safunikanso kutero. Apa chilembo chasiya kukhala chowerenga, chasanduka mankhwala.

Asilamu okhaokha sagwirizana pa zimenezi, ndipo mkanganowu si wa dzulo. Kusiyana kwa a Qadiriya, okonda sikiri ndi miyambo ya makolo, ndi a Sukuti, oti pamaliro pazikhala bata, kunayamba nthawi ya atsamunda. Kuyambira m'ma 1980, achinyamata ophunzira Chiarabu chozama ku Saudi Arabia, ku Sudan ndi kwina atayamba kubwerera, ndiponso mabungwe ngati African Muslim Agency atayamba kumanga mizikiti ndi sukulu, mawu otsutsa zithumwa anakula. Iwo amati kudalira kapepala ndi kuphatikiza Mulungu ndi chinthu china, tchimo limene amalitcha shirk, ndiponso kuti Qur'an inatsika kuti iwerengedwe, imvedwe ndi kutsatidwa. Akuluakulu enawo amayankha kuti wochiza ndi Mulungu, pepalalo langonyamula mawu ake, ndipo pali akatswiri akale a Chisilamu amene analoleza kuvala ndime za Qur'an bola pasakhale china chosakanizidwa. Mbali ina yaika kuyera m'tanthauzo, ina yakuikanso m'thupi la chilembo. Ndi funso lathu lomwe lija, koma likukambidwa ndi anthu oswali mzikiti umodzi.

Mkhristu amene akuwerenga izi akumwetulira asafulumire. Pa Numeri mutu 5, wansembe amalemba matemberero, n'kuwasungunulira m'madzi, n'kumwetsa mkazi woganiziridwa chigololo. Mneneri Ezekiele analamulidwa kudya mpukutu, ndipo Yohane wa ku Chivumbulutso anadya kabuku. Lero m'nyumba zambiri za opemphera Baibulo limagona pansi pa pilo, kapena limasiyidwa chitsegulire pa Salimo 91 usiku wonse, popanda woliwerenga. Ena amagula timapepala tomata pachitseko ndi pagalimoto kwa aneneri a masiku ano. Kusiyana kwa kapepala ka mneneri ndi kachikopa ka ashehe ndi kochepa kuposa mmene mbali zonse ziwiri zingafunire kuvomereza.

Komabe chiphunzitso chimene amishoni anabwera nacho chinali china. Kwa iwo Mawu a Mulungu ndi tanthauzo, ndipo tanthauzo lingasamuke kuchoka m'Chihebri ndi m'Chigiriki kulowa m'chinenero chilichonse popanda kutaya kuyera kwake. Ntchito yawo yaikulu inali yomasulira. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la Malemia, kuseri kwa phiri lathuli, kumene anazama m'Chiyao. David Clement Scott anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892. Buku Lopatulika, limene William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera pamodzi ndi Amalawi omuthandiza, linatuluka lathunthu mu 1922. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 mipingo inagwirizana pa Buku Loyera. Anthu amakangana mpaka lero kuti lokoma Chichewa ndi liti, ndipo agogo ambiri sangasiye la 1922 zivute zitani, koma palibe amene amati limodzi mwa atatuwa si Baibulo.

Apa mpamene pali yankho la chinthu chimene chimandidabwitsa nthawi zonse: Chichewa chili ndi mabuku oyera koma chilibe dzanja loyera. Ku Ulaya, Gutenberg asanasindikize Baibulo lake cha m'ma 1455, panapita zaka pafupifupi chikwi amonke akukopera Malemba ndi nthenga, akukongoletsa chilembo choyamba cha mutu ndi golide. Ife nyengo imeneyo tinailumpha. Afabeti ya Chilatini inatipeza itakwera kale pa makina. Amishoni ankabwera ndi makina osindikizira pamodzi ndi belu ndi mankhwala, ndipo boma nalo silinachedwe: British Central Africa Gazette inayamba kusindikizidwa ku Zomba mu 1894. Palibe m'badwo wa Achewa, Amang'anja kapena Alomwe umene unafunika kukopera Uthenga wa Marko ndi dzanja kuti mudzi ukhale nawo. Kulemba bwino kunaphunzitsidwa ndithu, pasileti ndi m'makope a mizere, ndipo amene anaona makalata a aphunzitsi akale amadziwa kukongola kwa dzanja lawo lopendekera. Koma linali dzanja la kalaliki, lokonzekera kaundula wa msonkho ndi mabuku a sitolo, osati la kachisi.

Sikuti pepala la Akhristu linalibe mphamvu. Linali nayo ya mtundu wina, yochokera m'kuchuluka ndi m'kuwerengedwa mokweza. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi. Boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo maepiskopiwo. Palibe amene anafunsa kuti kalatayo inalembedwa ndi zilembo zokongola motani. Ikanakhala kope limodzi lagolide lotsekeredwa m'bokosi, apolisi akanangolinyamula nkhani n'kutha.

Ngati pali alembi a dzanja amene Chikhristu chathu chabala, ndi anyamata a penti ndi burashi. Ndiwo amalemba mavesi kumbuyo kwa minibasi, pamwamba pa zitseko za magolosale, pa mbendera za misonkhano ya chitsitsimutso ndi pa ziliza. Muwaone akugwira ntchito: amayamba kukoka mizere iwiri ndi choko, kuyeza mipata ndi diso, kulemba thupi la chilembo ndi penti yofiira, kenako kuchipatsa mthunzi wakuda kumanja kuti chioneke ngati chatuluka pakhoma. Malo akachepa, zilembo zotsiriza zimapanikizana kumapeto. Palibe amawatcha akatswiri, ndipo makina osindikiza zikwangwani zapulasitiki akuwalanda ntchito, koma ndi okhawo amene amapatsa vesi la Chichewa maonekedwe ochokera m'dzanja la munthu.

Pali yankho lachitatu, lakale kuposa onsewa, ndipo limafuna kusamala polikamba. Ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi mikombero, n'za Akafula. Zoyera, zopaka ndi chala, n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Kuno kwathu Ayao anali ndi inyago, zithunzi zoumba pansi ndi dothi n'kuzilemba ndi ufa, zimene anyamata ankasonyezedwa pachinamwali kwinaku akuimbiridwa tanthauzo lake. Hugh Stannus, dokotala amene anagwira ntchito ku Zomba, analemba za miyambo imeneyi m'nkhani yake yaitali yonena za Ayao ya mu 1922. Ena, pofuna kutsimikiza kuti makolo athu sanali kumbuyo, amati izi ndi zilembo. Ine sindikuona chifukwa chozikakamizira dzina limenelo. Sizinkanyamula mawu liwu ndi liwu monga afabeti imachitira, ndipo munthu wosavinidwa sakanaziwerenga ngakhale ataziyang'ana chaka chonse. Mphamvu yake inali pomwepo. Zinali zoyera chifukwa zinali zobisika, zoonedwa ndi woyenera pa nthawi yoyenera, ndipo zapansizo zinkafafanizidwa mwambo ukatha. Buku limafuna owerenga ambiri, pomwe chizindikiro cha kudambwe kapena kundagala chimafa tsiku limene aliyense wachimvetsa.

Pamwamba pa phiri pali chikumbutso cha njira inanso imene ife sitinaiyende. Malo otchedwa Emperor's View anapatsidwa dzinalo chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anacheza m'dziko muno mu 1965, ndipo abale athu a Chirasta amakwera kukapemphera kumeneko. Dziko la mfumuyo ndi limodzi mwa maiko a mu Africa muno kumene Chikhristu chinakula ndi zilembo zakezake komanso alembi ake. Mpaka lero kuli ansembe olemba mabuku a Ge'ez pa zikopa za mbuzi, mawu onse ndi inki yakuda koma dzina la Mulungu ndi la Mariya ndi inki yofiira, ndipo kuli mipukutu yachitetezo imene amaidula molingana ndi msinkhu wa mwini wake kuti imuteteze kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zilembo zimene Nolence Mwangwego anayamba kupanga mu 1979 n'kuzionetsa poyera mu 1997, kuti zizilembera zinenero za m'Malawi, zimayenda mofanana ndi za ku Ethiopia: chizindikiro chimodzi chimaimira phatikizo lathunthu, ndipo kachizindikiro kowonjezera kamasintha lembo la liwu. Ndi ntchito ya luntha ndi ya khama la zaka zambiri. Koma sizinafale kwambiri, ndipo chifukwa chimodzi n'choonekeratu: palibe mpingo, mzikiti kapena sukulu ya boma imene inazitenga kukhala zake. Zilembo za Chiarabu, za Ge'ez ndi za Chilatini zinayenda maulendo ataliatali chifukwa chilichonse chinanyamulidwa ndi buku limene anthu anali okonzeka kulifera.

Tikaika zonsezi pamodzi, tikuona pamene masewera aja amaphonya. Iwo amaika mphamvu m'maonekedwe okha: chilembo chikhale chachilendo, chokhotakhota, chowala, ndiye kuti n'choyera, ndipo aliyense wochipeza, kaya ndi mbala, chimamugwirira ntchito. Kumene anthu amakhulupiriradi, kuyera kumakhala m'malamulo ozungulira chilembocho. Alembe ndani, asambe kaye kapena ayi, anaphunzira kwa yani, achione ndani, chikang'ambika chitayidwe motani. Mlembi wa Chiyuda wokopera Torah akalakwitsa chilembo chimodzi, mpukutu wonse suwerengedwa m'sunagoge mpaka utakonzedwa, ndipo ukakalamba amaukwirira ngati munthu. Ashehe salemba ndime asanadziyeretse. Namkungwi saonetsa chizindikiro kwa mwana wosatha msinkhu. Mukachotsa malamulo amenewa chotsala ndi chokongoletsera chabe, ngati nsalu ya Mvano imene yasanduka chophimbira ndowa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti mwambo wokhawo wa dzanja loyera umene dziko lino lili nawo, wa zilembo za Chiarabu, ndi umene tauyang'anira pansi kwambiri. Nthawi ya atsamunda sukulu pafupifupi zonse zinali za mishoni, ndipo makolo ambiri a Chisilamu ankakaniza ana awo kupitako poopa kuti akabatizidwa. Zotsatira zake, gogo wotha kuwerenga Qur'an yonse ndi kulemba kalata kwa mbale wake ku Joni ndi zilembo za Chiarabu ankatchedwa wosaphunzira, n'kumadinda chala pamapepala a boma. Mawu amenewo anakhazikika mpaka ana ake anawakhulupirira. Pa kalembera wa mu 2018 Asilamu anali 13.8 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ambiri a iwo ku Mangochi, ku Machinga, ku Balaka ndi kuno ku Zomba, koma ndi angati mwa ophunzira a mbiri yakale amene angawerenge kope la agogo awo?

Mapepalawo akutha, ndipo akutha m'njira zingapo nthawi imodzi. Chiswe ndi chinyezi cha dzinja la ku Zomba sizisankha pepala. Thabwa lalowedwa m'malo ndi kabuku kosindikiza, bolodi ndi foni, kotero mwana wa lero amawerenga Chiarabu koma sachilemba kawirikawiri. Wachinyamata wotsutsa zithumwa akapeza makope a agogo ake okhala ndi timabokosi ta manambala amawaona ngati chinthu chochititsa manyazi. Ndipo ulemu weniweniwo umawononganso: popeza pepala lokhala ndi dzina la Mulungu silitayidwa kudzala, mwini wake akamwalira achibale amaliwotcha kapena kulikwirira mwaulemu, osasiyanitsa tsamba long'ambika la Qur'an ndi kalata ya mfumu, mndandanda wa mashehe amene anaphunzitsana, kapena nyimbo ya Chiyao yolembedwa ndi zilembo za Chiarabu.

Anzathu ena anadzuka msanga. Ku Timbuktu mabanja asunga mipukutu zikwizikwi, ndipo zigawenga zitalanda mzindawo mu 2012 anthu wamba anaizembetsa m'mabokosi kupita nayo ku Bamako. Ku Maputo, nyumba yosungira mbiri yakale ili ndi makalata ambirimbiri a mafumu a kumpoto kwa Mozambique olembedwa m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu, ndipo akatswiri akuwawerenga n'kupezamo mbali ya nkhani imene Apwitikizi sanailembe. Ife zipangizo tili nazo, zonse m'tauni imodzi. National Archives ili ku Zomba kuyambira mu 1947. Yunivesite ya Malawi ili pomwepa, ndi nthambi yake ya maphunziro a zipembedzo imene mabuku ake a Kachere anatulutsa mu 2000 buku la mbiri ya Asilamu a m'Malawi lokonzedwa ndi David Bone, komanso Centre for Language Studies. Koma lamulo limene limakakamiza wosindikiza aliyense kupereka kope ku Archives limagwira zotuluka m'makina zokha. Kope lolembedwa ndi bango lili m'sutikesi ya gogo ku Domasi palibe lamulo lolilondola, ndipo silidzabwera lokha.

Ntchito yake siifuna ndalama zoopsa. Imafuna wophunzira wodziwa Chiyao ndi Chiarabu, kamera, chilolezo cha banja, ndi ashehe achikulire oti akhale pambali kumasulira dzanja la anzawo akadali ndi maso. Mapepala asachoke m'manja mwa eni ake, ajambulidwe basi, ndipo chimene banja lati n'chachinsinsi chilemekezedwe. Inu awerengi amene kwanu kuli sutikesi yotere, musanayatse moto pitani nayo kaye kwa munthu wotha kuwerenga, akuuzeni chimene chalembedwamo, ndipo mujambule tsamba lililonse ndi foni yanu.